Funso lomwe lidaphunzitsa makompyuta kunama

Mu November 2020 kampani ya Apple idatulutsa macOS Big Sur n'kuipatsa nambala 11. Kuchokera mu 2001, kwa zaka 19, makompyuta a Mac adali pa nambala 10 osasuntha. Chomwe chinkasintha ndi kanambala ka pambuyo pa dontho: 10.1, 10.2, mpaka kukafika 10.15. Eni makompyuta adaona 11 pa sikirini n'kupitiriza ntchito zawo, koma mkati mwa makinawo munkachitika zina. Pulogalamu yakale ikafunsa kuti "uli pa nambala yanji?", Big Sur inkayankha kuti 10.16, nambala yomwe sidalembedwepo pa malonda aliwonse a Apple. Pulogalamu yatsopano ikafunsa funso lomwelo, pa kompyuta yomweyo, inkauzidwa zoona.

Bodza limeneli adachita kulikonza dala. Akatswiri a Apple ankadziwa kuti kunja kuno kuli mapulogalamu ankhaninkhani olembedwa ndi anthu omwe ankayesa kuti 10 uja ngwamuyaya, ndiye pofuna kudziwa ngati kompyuta ndi yamakono ankangoyang'ana nambala yachiwiri. Pulogalamu yotero ikaona 11.0 imawerenga 0, n'kugamula kuti yagwera pa makina a mu 2001, n'kukana kugwira ntchito. Mu 2025 Apple idadumphanso kuchoka pa 15 kukatera pa 26, ndipo mapulogalamu akale ikuwauza kuti ili pa 16.

Wofunsa funso lovutitsali nthawi zambiri si pulogalamu yaikulu ayi. Ndi timizere tisanu kapena khumi pamwamba pa kafayilo komwe munthu adalemba usiku wina ali pachangu.

Fayilo imodzi, makompyuta atatu

Kompyuta iliyonse, ngakhale foni yomwe ili m'thumba mwanuyo, ili ndi pulogalamu yaikulu yoyendetsa zonse: Windows, macOS, Linux kapena Android. Imeneyi ndi operating system, ambiri amangoti sisitimu. Script ndi fayilo ya malamulo olembedwa mzere ndi mzere omwe kompyuta imawerenga n'kumachita motsatana. Plugin ndi kachidutswa koonjezera komwe pulogalamu imakatenga ikamadzuka kuti ithe kuchita zomwe payokha sikadatha.

Tiyerekeze wolemba mapulogalamu yemwe ku ntchito adampatsa Mac, kunyumba ali ndi laputopu ya Windows yomwe adagula yogwirapo kale ntchito, pomwe zolemba zakezo zimakathera pa seva ya Linux ku Cape Town kapena ku Frankfurt. Tsiku lonse amakhala pa windo lakuda lija lolembamo malamulo, terminal. Akangolitsegula, pulogalamu yomvera malamulo ake, tinene zsh, imayamba yawerenga fayilo yotchedwa .zshrc, momwe adasungamo zonse zomwe zala zake zidazolowera. Ambiri amadalira Oh My Zsh, yomwe a Robby Russell adayambitsa mu 2009 ndipo lero ili ndi ma plugin mazanamazana. Ena mwa iwo ngogwira paliponse, monga ya git. Ena ali ndi kwawo: ilipo ya macos, ilipo ya ubuntu, ya debian, ya archlinux. Munthu wathuyu safuna kusunga mafayilo atatu osiyana n'kumaiwala kuti wakonza iti. Akufuna fayilo imodzi yoti akaikopera pa makina aliwonse izindikire yokha pomwe ili, n'kutenga ma plugin oyenera pamenepo.

Chifukwa chake n'choti ntchito imodzimodzi ili ndi malamulo osiyana. Kukopera mawu kuti mukawamate pena, pa Mac ndi pbcopy, pa Linux ndi xclip kapena wl-copy, pa Windows ndi clip. Kutsegula fayilo pa Mac ndi open, pa Linux ndi xdg-open, pa Windows ndi start. Izi n'zopepukako, chifukwa mukalakwitsa kompyuta imakuuzani pomwepo kuti "command not found". Zowawitsa mutu ndi malamulo omwe dzina ndi limodzi koma khalidwe losiyana.

Taonani sed, lamulo losinthira mawu m'fayilo. Pa Linux mukalemba sed -i -e kenako mawu oti asinthe, limasintha fayiloyo basi, nkhani yatha. Lembani zomwezo pa Mac. Sed ya kumeneko ndi ya ku banja la BSD, ndipo imayembekezera kuti pambuyo pa -i pabwera timalemba toti iphatikize ku dzina la fayilo yosungira zakale. Ndiye imatenga -e uja n'kumuyesa timalemba timeneto. Mawu amasinthika ndithu, pa sikirini sipabwera dandaulo lililonse, koma mukatsegula foda mupeza fayilo iliyonse yabereka: malipiro.txt ndi malipiro.txt-e, mayina.txt ndi mayina.txt-e. Ngati script idadutsa m'mafayilo 400, muli ndi alendo 400 oti muwathamangitse. Mukakonza kuti igwire pa Mac, poika tizizindikiro tiwiri topanda kanthu mkati pambuyo pa -i, ndiye ya pa Linux imasokonezeka.

Palinso ma plugin ena omwe si mawu oti munthu n'kuwerenga koma adasandutsidwa kale chilankhulo cha makina. Pa Windows dzina lawo limathera ndi .dll, pa Linux .so, pa Mac kawirikawiri .dylib, ndipo mkati mwake mudayalidwa mosiyana kotheratu moti kusintha dzina sikuthandiza kanthu. Qt, yomwe mapulogalamu monga VLC ndi QGIS amadalira pojambula mawindo ndi mabatani, ili ndi plugin yake pa sisitimu iliyonse: windows, cocoa ya pa Mac, ndipo pa Linux pokha pali ziwiri zikuluzikulu, xcb ndi wayland. Amene adaonapo uthenga woti "Could not load the Qt platform plugin xcb" akudziwa kuti plugin imeneyi ikakanika kudzuka, ngakhale windo limodzi silitseguka. Apa mwaona kale kuti kudziwa zoti muli pa Linux sikukwanira.

Kafunsidwe kake

Njira yakale yofunsira ndi lamulo la Unix lotchedwa uname. Mukalemba uname -s pa Ubuntu kapena Fedora, yankho ndi Linux. Pa FreeBSD yankho ndi FreeBSD. Pa Mac yankho si Mac, si Apple, koma Darwin, dzina la maziko a sisitimuyo omwe Apple idawatulutsa poyera mu 2000. Pa Windows uname kulibe, pokhapokha mutaikamo Git Bash, yomwe imayankha ndi chingwe chachitali choyamba ndi MINGW64_NT-10.0, kapena Cygwin, yomwe imayamba ndi CYGWIN_NT. Script imatenga yankholi n'kuliyerekeza ndi mayina omwe mwini wake adalemba: likakhala Darwin tenga plugin iyi, likakhala Linux tenga iyo.

Chilankhulo chilichonse cholembera mapulogalamu chili ndi kafunsidwe kake, ndipo sadagwirizanepo za kalembedwe ka mayankho. Python ndi Node.js amati darwin, linux, win32. Perl imati MSWin32. Go imangoti windows. Java mpaka lero imati "Mac OS X", dzina lomwe eni ake a Apple adalisiya kalekale.

M'mayina amenewa muli msampha womwe wakola anthu osawerengeka. Wolemba wachangu amati: m'dzina mukapezeka zilembo zoti win, ndiye kuti ndi Windows. Amayesa pa laputopu yake ya Windows, zatheka. Amayesa pa seva ya Linux, zathekanso. Tsiku lomwe mnzake wa Mac adzaigwiritse ntchito, script imayamba kufunafuna fayilo ya .dll pa kompyuta ya Apple. Werenganinso dzina lija pang'onopang'ono: darwin. Zilembo zitatu zomalizazo ndi zomwezo. Kukonza kwake n'kwa mphindi imodzi, kungoiuza script kuti iyang'ane koyambira dzina, kapena iyerekeze dzina lonse. Kupeza pomwe pali vuto ndiye kumatha tsiku, chifukwa mwini script alibe Mac ndipo kwa iye zonse zikuyenda.

Nalo dzina la win32 limasocheretsa. Python imayankha choncho ngakhale pa Windows ya 64-bit, chifukwa 32 ameneyo ndi mbali ya dzina la njira yomwe mapulogalamu amalankhulira ndi Windows kuyambira m'ma 1990, sakunena za mphamvu ya makina omwe ali patsogolo panu. Woona 32 n'kuthamangira kukatenga plugin ya 32-bit wagwa nayo.

Manambala ndiwo adabala mabodza

Mayina amasokoneza, koma mabodza enieni adayambira pa manambala, ndipo nkhani yomwe ndimaikonda pa zonsezi ndi ya Windows 95. A Raymond Chen, katswiri yemwe wakhala ku Microsoft kuyambira nthawi imeneyo, adailongosola bwino. Windows 3.1 inkadzitchula kuti 3.10. Olemba mapulogalamu ambiri, pofuna kutsimikiza kuti ali pa 3.1 kapena yoposerapo, adalemba mayeso awiri osiyana: nambala yoyamba isachepere 3, yachiwiri isachepere 10. Pa nthawiyo zinkaoneka zolondola. Windows 95 itafika, nambala yake yeniyeni idali 4.0. Mayeso oyamba idakhoza, poti 4 ndi wamkulu kuposa 3. Achiwiri idalephera, poti 0 ndi wochepa kuposa 10. Mapulogalamu adayamba kuuza anthu omwe angogula kumene Windows yatsopano kuti Windows yawo ndi yakale kwambiri. Olakwa adali ambiri moti kuwakonza mmodzimmodzi sikukadatheka, ndiye Microsoft idangoti mapulogalamu akalewo aziuzidwa kuti 3.95. Nambala imeneyi imakhoza mayeso onse awiri.

Kampaniyi idali itazolowera kale. MS-DOS 5.0 ya mu 1991 idabwera ndi SETVER, mndandanda wa mayina a mapulogalamu ndi nambala yabodza yoti aliyense aziuzidwa. Mwambowu sudathe. Windows Vista idali 6.0, ndipo Windows 7, ngakhale ili ndi 7 m'dzina, mkati idali 6.1, dala, kuti mapulogalamu oyang'ana 6 asadzidzimuke. Windows 8 idali 6.2. Kuyambira pa 8.1 mu 2013, pulogalamu yomwe sidalengeze kuti ikuidziwa Windows yatsopano imangouzidwa 6.2 mpaka kalekale. Windows 11 ya mu 2021 imadzitchula kuti 10.0, moti script yofuna kuisiyanitsa ndi Windows 10 imayenera kupita pa nambala yachitatu n'kuona ngati yafika 22000.

Nanga Windows 9 idapita kuti? Mu September 2014 Microsoft idalengeza Windows 10 kuchokera pa 8.1, ndipo pa intaneti padafala mphekesera yoti adadumpha 9 poopa mapulogalamu omwe amati dzina likayamba ndi "Windows 9" ndiye kuti ndi 95 kapena 98. Microsoft sidavomerepo zimenezi, ndiye tisazitenge ngati uthenga wabwino. Chotsimikizika n'choti mizere yotero ilipodi m'mapulogalamu akale a Java, ndipo n'chifukwa chake mphekeserayo anthu a ntchitoyi adaikhulupirira msanga. Aliyense ankadziwa kuti iye mwini akadatha kulemba zomwezo.

A Linux asaseke. Kuyambira mu December 2003 kernel, phata la sisitimuyi, idali pa 2.6 ndipo nambala yachitatu ndiyo inkakwera, mpaka 2.6.39. Mu 2011, Linux ikukwanitsa zaka 20, a Linus Torvalds adaganiza zoti yotsatirayo ikhale 3.0, ndipo adanena poyera kuti mkati simudasinthe chachikulu chilichonse, manambala adangotalika. Mapulogalamu oyembekezera 2.6 adayamba kugwa. A Fedora 15 adatenga kernel 3.0 n'kuipereka kwa anthu awo ndi dzina loti 2.6.40. Mu kernel momwemo adaikamo kabatani koti pulogalamu yamakani iziuzidwa 2.6 ikafunsa.

Python idapwetekeka mwa mtundu wake. Nthawi imeneyo inkamata nambala yoyamba ya kernel ku dzina, ndiye kwa zaka zambiri yankho lidali linux2, ndipo anthu adalemba ma script oyerekeza ndi linux2 ndendende. Python yomangidwa pa kernel yatsopano idayamba kunena kuti linux3. Ma script aja adaleka kuzindikira Linux ali pa Linux pomwepo. Oyang'anira Python adagamula kuti Python 2.7 izingoti linux2 kaya kernel ili pa nambala yanji, ndipo kuyambira pa 3.3 mu 2012 adachotseratu nambalayo. Malangizo omwe adapereka ngoti muziyang'ana ngati dzina likuyamba ndi linux.

Za ma browser ndingodutsa, poti ndi nkhani payokha. Opera itafika pa 10 mu 2009 idapeza kuti mawebusaiti ena amawerenga nambala yoyamba yokha n'kuiyesa Opera 1, ndiye idayamba kudzitchula Opera/9.80, nambala yeniyeni n'kuibisa kumapeto. Chrome ndi Safari za pa Mac zimauza mawebusaiti kuti zili pa 10.15.7 ngakhale kompyutayo mwagula dzulo.

Sindikuwaimba mlandu opanga masisitimuwa. Munthu akaika sisitimu yatsopano pulogalamu yake ya akawunti n'kuleka kugwira, sadandaula za wolemba pulogalamuyo, yemwe mwina kampani yake idatsekedwa kale. Amati sisitimu yatsopanoyi ndi yachabechabe. Koma mtengo wa bodza umagwera munthu yemwe adafunsa moyenera. Iyeyo tsopano ayenera kudziwa kuti 10.16 ndi 11, kuti 6.2 ikhoza kukhala china chilichonse, kuti 10.0 mwina ndi 11, ndipo script yake imatalika chaka ndi chaka ndi mizere yomasulira mabodza onenedwera anthu ena.

Yankho loona koma losathandiza

Masiku ano vuto lalikulu silikhalanso bodza. Kompyuta imanena zoona, koma zoonazo sizikuuzani zomwe mumafuna kudziwa.

Mu 2016 Microsoft idabweretsa WSL, njira yoyendetsera Linux mkati mwa Windows. Munthu wathu wa laputopu uja akatsegula Ubuntu m'menemo n'kulemba uname -s, yankho ndi Linux, ndipo si bodza. Koma kiyibodi, sikirini ndi browser yake ndi za Windows, ndipo chomuthandiza kukopera mawu ndi clip.exe. Kuti script izindikire zimenezi imasuzumira mu fayilo ya /proc/version kufunamo dzina la Microsoft. Apanso pali kamsampha. WSL yoyamba inkalemba dzinali ndi M wamkulu, WSL 2 imalemba ndi m wamng'ono. Kwa kompyuta amenewa ndi mawu awiri osiyana, ndipo ma script ambiri adachita khungu tsiku lomwe eni ake adasamukira ku WSL 2.

Mu November 2020 womwe Big Sur idatuluka uja, Apple idayamba kugulitsa ma Mac okhala ndi purosesa yakeyake, M1, m'malo mwa ya Intel. Dzina likadali Darwin, koma plugin yomangidwira Intel ndi yomangidwira M1 ndi zinthu ziwiri. Homebrew, yomwe anthu a Mac amaikira mapulogalamu, pa Intel imakhala mu /usr/local pomwe pa M1 imakhala mu /opt/homebrew. Ma .zshrc onse omwe ankati "ngati ndi Darwin, pita ku /usr/local" adakapeza kulibe kanthu. Yankho lachangu lidali kufunsanso uname -m, lomwe limatchula mtundu wa purosesa: arm64 kapena x86_64. Koma Apple idaikamo Rosetta 2, womasulira yemwe amalola mapulogalamu a Intel kuyenda pa M1, ndipo terminal ikatsegulidwa kudzera mwa iyeyu, uname -m imati x86_64 pa makina omwe alibe Intel ngakhale pang'ono. Mawindo awiri oyandikana pa sikirini imodzi akhoza kupereka mayankho awiri osiyana. Chotulutsa zoona poyera ndi funso lachitatu, sysctl.proc_translated, lomwe limayankha 1 ngati womasulirayo ali pakati. Onjezani apo kuti purosesa yomwe Mac imaitcha arm64, Linux imaitcha aarch64, ndipo yomwe uname imati x86_64, Debian ndi Windows amati amd64.

Ndiye pali Alpine, Linux yaing'ono yomwe anthu amaikonda mu Docker. Ma Linux ambiri amadalira laibulale yotchedwa glibc, Alpine imadalira musl. Mukatenga pulogalamu yomangidwira glibc n'kuiyendetsa pa Alpine, uthenga womwe umabwera ngwoti "not found". Mumayang'ana mu foda, fayilo ilipo, dzina ndi lomwelo, mwalemba bwinobwino. Mumalembanso, "not found". Chomwe chikusowa si fayilo yanuyo koma kapulogalamu ka glibc koidzutsa, koma uthengawo sunena zimenezo. Script idafunsa dzina, idauzidwa Linux, idafunsa purosesa, idauzidwa x86_64, mayankho onse oona, plugin n'kukhala yolakwika.

Pa kusiyanitsa ma Linux pokha ndiye padachitika chinthu chanzeru. Kale aliyense ankalemba dzina lake pomwe wafuna: Debian mu /etc/debian_version, Red Hat mu /etc/redhat-release, ena kwinanso, script n'kumagogoda khomo lililonse. Mu 2012 gulu lopanga systemd lidabweretsa fayilo imodzi, /etc/os-release, yomwe pafupifupi onse adaivomera. Muli mzere wa ID, wotchula dzina, ndi wina wa ID_LIKE, wotchula komwe Linux imeneyo idachokera. Ubuntu imati ID ndi ubuntu, ID_LIKE ndi debian. Linux Mint imatchula ubuntu. Zili ngati mlendo yemwe dzina lake simudalimvepo, koma akangotchula mfunda kuti ndi a Phiri kapena a Banda mwadziwa kale pomukhazika. Script yomwe sidamvepo za Linux ina yatsopano ikaona debian pa mzere wachiwiriwo imadziwa kuti lamulo loikira mapulogalamu ndi apt.

Funso lina lidalipo kale

Mu 1991 a David MacKenzie ankasamalira mapulogalamu angapo a GNU, nthawi yomwe kunali ma Unix ambirimbiri, kampani iliyonse ndi yake: Sun, HP, IBM, DEC ndi ena. Kulemba mndandanda wa mayina onse ndi makhalidwe awo kudali kosatheka, poti mawa kubwera ina. Zomwe adalemba zidasanduka Autoconf, ndipo ganizo lake ndi losavuta. M'malo mofunsa kompyuta kuti ndiwe yani, script imayesa chinthu chomwe ikufunacho. Imalemba kapulogalamu ka mizere ingapo kogwiritsa ntchito chinthucho, n'kuona ngati kamangika. Amene adayendetsapo ./configure amaikumbukira mizere ija yothamanga pa sikirini, uliwonse woyamba ndi "checking for" n'kuthera ndi yes kapena no. Uliwonse ndi mayeso amodzi otero.

Mu .zshrc ganizo lomweli limatheka ndi lamulo lalifupi, command -v. Mukalemba command -v pbcopy, limakuuzani ngati pbcopy ilipo. Ilipo, igwiritseni ntchito. Palibe, yesani wl-copy, kenako xclip, kenako clip.exe. Script yotero sidatchule Darwin, Linux kapena Microsoft paliponse, ndipo M wamkulu ndi wamng'ono uja sizikuikhudza. Chimodzimodzi Homebrew: kuyang'ana ngati fayilo ya brew ili mu /opt/homebrew kapena mu /usr/local kumathetsa nkhani ya M1 ndi Rosetta popanda kufunsa za purosesa. Ngakhale sed ija, ya pa Linux, yomwe ndi ya GNU, imayankha mukaifunsa --version pomwe ya BSD imakana, ndipo mayeso amenewa amaposa kufunsa dzina, chifukwa alipo anthu a Mac ambiri omwe adaika sed ya GNU m'malo mwa yobwera ndi makina. Kwa iwowa dzina la Darwin likadaisocheretsa script.

Ine ndimaona kuti pa ma plugin a terminal, mbali yaikulu ya mizere yofunsa dzina la sisitimu sidayenera kulembedwa n'komwe. Plugin ya brew ikufuna brew, sikufuna Mac, ndipo Homebrew imayendanso pa Linux. Koma ndinganame nditati funso la dzina lingatheretu. Autoconf yomweyo imayenda ndi config.guess, script ya mizere yoposa 1,000 yomwe ntchito yake ndi kungolota dzina la makina. Mukafuna kutsitsa plugin ya chilankhulo cha makina pa intaneti simungatsitse zonse n'kumayesa imodziimodzi, makamaka bandulo ikakhala yowerengera. Muyenera kudziwiratu sisitimu, purosesa ndi laibulale. Yang'anani mayina a mafayilo omwe pip, yoikira zoonjezera za Python, imatsitsa poika NumPy: ena amathera ndi win_amd64, ena macosx_11_0_arm64, ena ali ndi manylinux, ena musllinux. Mafunso onse atatu ali m'dzinamo. Ubwino wake ngwoti pip ndiyo imafunsa, ndipo anthu oisamalira adagwa kale m'maenje onse ndatchulawa. Komwe kuli chida chotero, kulemba mafunso anuanu n'kudzipalira ntchito. A Go adasankha njira ina: fayilo yothera ndi _windows.go kapena _linux.go imasankhidwa pomanga pulogalamu, moti ikamadzayenda palibenso chofunsa.

Mzere womwe umandidetsa nkhawa kwambiri m'ma script amenewa ndi womaliza. Ambiri amalemba kuti: ngati ndi Darwin chita ichi, ngati ndi Windows chita icho, zina zonse ndi Linux. Munthu wa FreeBSD akafika amalandira ma plugin a Linux mwakachetechete, zinthu n'kudzaonongekera kutsogolo komwe palibe angaganize kuti gwero lake ndi kuno. Script yomwe yalandira dzina lachilendo ikadangolemba dzinalo pa sikirini, n'kunena kuti sikulidziwa, n'kusiya osatenga plugin iliyonse. Ndi mizere iwiri yokha, koma imalembedwa ndi anthu ochepa, chifukwa polemba aliyense amaganizira makompyuta omwe ali nawo m'nyumba.

Kwathu kuno, komwe foni ya Android imapezeka msanga kuposa laputopu, "zina zonse" zija zikhoza kukhala inuyo. Pulogalamu ya Termux imapereka terminal pa foni, ndipo munthu akhoza kuphunzirirapo Python, git ndi zsh. Lembani uname -s m'menemo, iyankha kuti Linux, poti Android idamangidwadi pa kernel ya Linux. Lembani uname -o, iti Android. Script yomwe yangomva yankho loyambalo imapita kukafuna mafoda omwe pa foni kulibe, chifukwa Termux imasunga zake zonse mu /data/data/com.termux/files/usr, ndipo plugin yomangidwira glibc siidzuka poti Android ili ndi laibulale yake, Bionic.

A Python adaliona vutoli. Kuyambira pa Python 3.13, yomwe idatuluka mu October 2024, sys.platform, yomwe script imafunsira dzina la sisitimu, pa foni ya Android imayankha kuti android, osatinso linux. Kwa wolemba script yatsopano zinthu zapepuka. Koma ma script onse omwe adamvera malangizo a mu 2012, oyang'ana ngati dzina likuyamba ndi linux, akafika pa foni yokhala ndi Python yatsopanoyi sapezanso dzina lomwe akulidziwa, ndipo amagwera pa mzere womaliza uja, kaya mwini wake adalembapo chiyani.